Kulera Galu Wodwaladwala Kapena Wolumala: Uthenga kwa Alimi a m'Boma la Mulanje

Tsiku la msika likamatha pa Limbuli, pa Chitakale ngakhale pa Nkando, anthu akamalongedza katundu, pamatsala agalu osowa kolowera. Wina ubweya unasosoka msana wonse, khungu lachita makwinya ndi nkhanambo. Wina akuyendera miyendo itatu chifukwa wachinayi unawonongeka ndi msampha wa waya m'mphepete mwa phiri. Wina ndi nkhalamba, maso achita ng'ala. Ambiri mwa agalu amenewa anali ndi eni ake, koma anawapirikitsa atayamba kudwala. Ena anabalalika mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Muloza ndi madera ena, mabanja n'kusamukira kumisasa.

Galu wotere angathe kutengedwa, kuchira kapena kukhala bwino ndi matenda ake, n'kumalondera pakhomo zaka zambiri. Pali njira ziwiri zomupezera. Yoyamba ndi kupita ku mabungwe osunga agalu osowa eni, monga BSPCA ku Blantyre ndi LSPCA ku Lilongwe, kumene galu amakhala atayezedwa kale ndipo mbiri ya matenda ake imadziwika. Yachiwiri, yomwe ndi yofala kuno, ndi kutenga galu wa m'mudzi momwemo: wa malemu, wa mnansi amene wasamuka, kapena amene wangozolowera pakhomo.

Asanamugwire, aganize za chiwewe

Galu wosadziwika kochokera satoledwa ndi manja chisawawa. Ngati akutuluka dovu, akulephera kumeza, nsagwada yalendewera, akuluma chilichonse, kapena miyendo yam'mbuyo yafooka mwadzidzidzi, ameneyo si wotenga. Ana atalikire ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe tsiku lomwelo. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Munthu wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala, kaya cha boma pa Mulanje, kaya cha Mulanje Mission, kaya chaching'ono cha kudera kwawo.

Galu aliyense watsopano akhale payekha masiku oyamba, kutali ndi ana ndi ziweto zina, mpaka mlangizi atamuona ndi kumubaya katemera. Katemera amagwira ntchito. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa, matendawa amaleka kufala. Kulumala, ukalamba ndi mphere siziletsa galu kulandira katemera ameneyu.

Chakudya ndi pogona

Apa palibe zovuta. Nsima kapena phala la mgaiwa, losakaniza ndi usipa, bonya, soya wokazinga n'kupera, kapena dzira lophika, kawiri pa tsiku. Madzi oyera asasowe. Mafupa a nkhuku ophika amabaya m'mimba, ndipo ndiwo za anyezi wambiri zimawononga magazi a galu. Mvula ya kuno aliyense amaidziwa, choncho pogona pakhale pofolera, pokwera pang'ono, poyala thumba louma lomachapidwa kawirikawiri. Mankhwala a njoka za m'mimba aperekedwe pakapita miyezi 3 iliyonse.

Vuto lalikulu: kuchiza galu ndi mankhwala a m'nyumba

Agalu ena otengedwa ndi mtima wabwino amafa ndi mankhwala amene mwini wake wawapatsa, matenda enieniwo asanawagonjetse. Nkhani imeneyi iyenera kunenedwa mosabisa mawu.

Tiyambe ndi oyilo wakuda. Galu akachita mphere, pamapezeka wina wolangiza kuti akatunge oyilo wotha ntchito kwa amakaniko kapena kuchigayo, amupake thupi lonse. Mwini galu amapakadi ndi chisanza, kuyambira m'makutu mpaka kumchira, galuyo n'kumangidwa pamtengo wa peyala dzuwa likuswa mtengo. Pofika madzulo wanyambita oyilo yense wa m'miyendo ndi pamimba. Oyilo ameneyu ali ndi zinyalala za mu injini ndi poizoni wowononga chiwindi ndi impso. Khungu limene linali kale ndi zilonda limapsa, galu amasanza, amasiya kudya. Tizilombo toyambitsa mphere timakhala m'kati mwa khungu, ndipo tambiri timatsala. Amene amati njirayi inawathandiza amakumbukira galu mmodzi amene anapulumuka, ena amene anakafera kuthengo sawatchula. Dizilo ndi palafini n'zoipa chimodzimodzi.

Kenako pali mankhwala a kumunda. Botolo lopopera tomato, kabichi kapena nandolo likatsalira, ena amathira m'chidebe n'kusambitsa galu kuti nkhupakupa ndi nthata zife. Zimafadi, koma mankhwalawo amalowa m'thupi la galu kudzera pakhungu, makamaka khungu lazilonda. Pasanathe maola angapo galu amayamba kunjenjemera, kutuluka dovu, kutsegula m'mimba ndi kugwa pansi akuphupha. Apa ndi pamene pamachitika chinthu chomvetsa chisoni kwambiri: anthu akaona dovu amafuula kuti galu wapenga, anyamata amatola miyala, ndipo galu amene analibe chiwewe amaphedwa chifukwa cha mankhwala amene mbuye wake anamusambitsa m'mawa. Ngakhale dipi wa ng'ombe sagwiritsidwa ntchito mongoganizira. Mlingo wa ng'ombe si wa galu, ndipo mitundu ina ya dipi siyenera galu konse. Mwana amene amasewera ndi galu wosambitsidwa motere nayenso ali pangozi.

Chachitatu ndi mapiritsi a anthu. Galu wokalamba akamatsimphina kapena kulephera kudzuka m'mawa, mwini wake amamva chifundo, amapita pa okala kukagula Brufen kapena Panado, n'kubisa mu mbamu ya nsima. Thupi la galu silichotsa mankhwala amenewa monga limachitira la munthu. Brufen amaboola zilonda m'mimba ndi kuwononga impso: galu amachita chimbudzi chakuda, amasanza magazi, kenako amasiya kukodza. Panado wopitirira mlingo amawononga chiwindi ndi magazi, ndipo kwa mphaka ngakhale piritsi limodzi limapha. Indocid ndiye safunika kulongosola, poti ndi yemwe uja anthu amasakaniza ndi ufa pofuna kupha makoswe m'nyumba. Makapisozi otsala kwa wodwala wa pakhomo nawonso asaperekedwe. Kapisozi mmodzi lero, wina mawa, kenako basi, kumangolimbitsa tizilombo kuti mankhwala enieni adzalephere.

Palinso chotupa cha kumaliseche, chofiira, chotuluka magazi, chimene agalu amapatsirana pokwerana. Ena amayesa kuchidula ndi lezala kapena kuchimanga ndi ulusi. Chimaphukanso, ndipo galu amataya magazi pachabe. Chotupa chimenechi ndi chimodzi mwa zochizika bwino koposa: dotolo wa ziweto amabaya mankhwala otchedwa vincristine mumtsempha kamodzi pa sabata, kawirikawiri masabata 4 mpaka 6, ndipo chimaphwa chikuoneka. Sichipita kwa anthu.

Gwero la zolakwika zonsezi ndi kufuna kuti matenda a miyezi yambiri athe tsiku limodzi. Anthu omwewo amene sangalole kuti mbuzi yawo ibayidwe ndi munthu wamba, pa galu amati chilichonse chingachite. Maganizo akuti galu amadzisamalira yekha ndi amene adzaza misika yathu ndi agalu osowa kwawo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza, ndipo kutaya galu wodwala pamsewu kapena kumusiya pa unyolo popanda madzi si khalidwe loti mudzi uzilionerera.

Ngati galu wapakidwa kale oyilo kapena mankhwala a kumunda, asambitsidwe msanga ndi sopo ndi madzi ofunda ambiri, wosambitsayo atavala magolovesi kapena majumbo m'manja. Asamukakamize kumwa mkaka kapena mafuta ophikira. Botolo kapena pepala la mankhwalawo lipite nawo kwa mlangizi kuti adziwe chochita. Koma ngati palibe amene akudziwa chimene chayambitsa dovu, galuyo asagwiridwe kukamwa.

Njira yoyenera

Njira imene ikulimbikitsidwa ndi yapafupi, ndipo zotsatira zake zimakondweretsa aliyense amene waiona. Mlangizi wa ziweto wa kudera, kaya ku Thuchila, ku Milonde, ku Msikawanjala, kwa Kamwendo kapena pa boma, ayambe waona galuyo. Mphere zilipo za mitundu iwiri: ina imayabwa kwambiri, imafalikira kwa agalu ena ndipo imatha kuyabwitsa anthu a pakhomo kwa kanthawi; ina siipatsirana, imabuka galu akafooka ndi njala, njoka kapena matenda ena. Kuzisiyanitsa bwino kumafuna kupala khungu pang'ono n'kuliyeza. Kenako galu ayezedwe kulemera kwake, chifukwa mlingo wa mankhwala monga ivermectin umatsatira makilogalamu. Sikelo yolendewera yogulira nandolo ndi thumba lolimba zimakwanira pa galu wamng'ono. Wamkulu, munthu amunyamule n'kukwera naye pa sikelo, kenako achotserepo kulemera kwake.

Chotsalacho ndi kumaliza mankhwala. Masabata awiri oyamba sipaoneka kusintha kwenikweni, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kubwerera ku oyilo. Amene apirira amaona zodabwitsa. Kukanda kumachepa, galu amayamba kugona usiku wonse, nkhanambo zimayoyoka, ndipo pakatha mwezi kapena iwiri pamsana pamamera tiubweya tofewa. Galu uja anthu ankamuthamangitsa ndi miyala amayamba kuthamangira mbuye wake kuchipata, mchira uli m'mwamba. Anansi amafunsa kuti galu wokongolayu anagulidwa kuti. Palibe chimene chimasintha maganizo a mudzi msanga kuposa galu mmodzi wochira pamaso pa onse!

Kope laling'ono la sukulu limathandiza kwambiri. Mulembedwe tsiku la katemera, dzina la mankhwala, mlingo ndi tsiku lobwerera. Ntchito imeneyi ana a sukulu amaikonda, ndipo saiwala.

Amene sadzachira

Matenda ena satha. Galu wa miyendo itatu safuna mankhwala, amangofuna kuti asanenepe kwambiri ndiponso asatengedwenso kuuzimba kuphiri. Wakhungu amaloweza bwalo lonse ndi mphuno ndi makutu, bola mbale yake ndi pogona pake zisamasunthidwe, ndipo chitsime kapena dzenje la chimbudzi likhale lovundikira. Ana aphunzitsidwe kumuitana asanamukhudze, kuopa kumudzidzimutsa. Galu amene anapulumuka matenda a distemper amatha kutsala ndi kunjenjemera kwa mwendo kapena kumaso moyo wake wonse, koma akudya ndi kusewera bwinobwino. Wa khunyu angafunike mapiritsi a tsiku ndi tsiku ochokera kwa dotolo wa ziweto, ndipo mapiritsi amenewo sasiyidwa mwadzidzidzi. Eni agalu awiri omalizawa awuze amfumu ndi anansi za matendawo, aonetsenso khadi la katemera, kuti tsiku lina galu akadzagwa pabwalo asadzaphedwe pomuganizira chiwewe.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo alimi amene asunga agalu okalamba amavomereza. Sauwa mwezi, sathamangitsa nkhuku, sayendayenda. Akauwa usiku, kukhola la mbuzi kapena kumunda wa zinanazi kulidi kanthu.

Galu wodwaladwala ndi bwino kumuthena, kapena kumutseka kuti asabereke ngati ndi wamkazi. Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo kuyamwitsa kumafoola thupi lodwala kale mpaka mphere kubwerera. Ntchito imeneyi ndi ya dotolo, si ya mpeni wa m'nyumba kapena mphira. Ndipo pamene ululu wafika poti galu sakudya, sakudzuka, mankhwala sakuthandiza, dotolo ali ndi jakisoni womugoneka mosamva kuwawa. Temik, chingwe ndi chibonga ndi nkhanza, ndipo nyama yothiridwa poizoni imaphanso ziweto za eni ndi kuika ana pangozi.

Za ndalama

Mitengo imasintha kawirikawiri, ndipo imasiyana malinga ndi kukula kwa galu, mtundu wa mankhwala ndi kumene apezeka, choncho ndi bwino kufunsa mlangizi musanayambe. Katemera wa chiwewe nthawi ya kampeni amakhala waulere, ndipo kampeni zina zimachitika moyandikira 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse. Mankhwala a njoka ndi a mphere mabanja ambiri angawakwanitse, makamaka eni agalu angapo akagwirizana kuitana mlangizi tsiku limodzi. Chotupa, opaleshoni ndi khunyu zingafune ndalama zochulukirapo, mwinanso ulendo wa ku Blantyre, womwe ndi wa makilomita oposa 60, ndipo nthawi zina ulendowo ndi umene umadula kuposa mankhwala. Banja likhale pansi liwerengere zimenezi galu asanalowe pakhomo, chifukwa kumutenga n'kudzamutayanso pakatha mwezi kumangowonjezera vuto.

Inu amene muli ndi galu wamphere, wotsimphina kapena wachotupa pakhomo, kapena mukuganiza zotenga wotere, musamupake kapena kumumwetsa chilichonse. Pitani ku ofesi ya zaulimi ya kudera lanu sabata ino, mukafunse mlangizi wa ziweto tsiku limene angabwere kudzamuona.