Injini Ikazima Uli Pamwamba pa Nzimbe

Mng'ono wanga, popeza wasankha kuulutsa ndege zopopera mankhwala m'minda, tchera khutu. Anzako a ndege zonyamula anthu amauluka m'mitambo, ndipo injini ikawazimira amapeza mpata wolingalira. Iwe udzakhala mamita 3 okha pamwamba pa mbewu. Chochita uchidziwiretu usananyamuke.

Yamba ndi kutaya mankhwala. Thanki ya Air Tractor AT-502 imanyamula malita pafupifupi 1,900, kulemera kwake n'kwa matani ngati awiri. Dzanja lako lizolowere chogwirira chotayira mpaka lizichipeza usanayang'ane n'komwe. Za mtengo wa mankhwalawo iwala, abwana adzagula ena.

Chimene chatha anyamata ambiri ndi mtima wofuna kubwerera pomwe ananyamukira. Ndege yopanda mphamvu ikakhota ili pansi chonchi, liwiro limatha, phiko limodzi limagwa, mphuno n'kulasa nthaka. Usakhote, ndakupempha. Sunga liwiro, mapiko akhale molingana, ndipo utere kutsogolo kwako motsata mizere, osati moipingasa. Ngati pansipo pali nzimbe zazitali ngati za ku Nchalo, nsonga zake uziyese nthaka, uterepo pa liwiro lochepetsetsa limene ndege ikumverabe. Mpata ukapezeka tseka mafuta, uzimitse magetsi. Ndegeyo iwonongeke basi. Kuyambira pa AG-1 imene Fred Weick anapanga ku Texas mu 1950, ndege zambiri zoterezi, monga Piper Pawnee, zimaika woyendetsa kumbuyo kwa injini ndi thanki kuti chakutsogolo chiphwanyike iye atsale. Koma zimenezi zimathandiza yekhayo amene wamanga malamba a m'mapewa mothina ndi kuvala chipewa cholimba, ngakhale dzuwa la m'chigwa liwotche chotani.

Ukatuluka, pita kumene mphepo ikuchokera, vula zovala zonyowa ndi mankhwala, usambe msanga.

Kambiri injini imazima chifukwa cha zimene zinachitika pansi. Mafuta a m'migolo yogona panja amalowa madzi. M'mawa uliwonse tsitsirako mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera, ukayang'anitse kudzuwa: madzi amakhala pansi, timadontho tozungulira. Mafuta otsala uziwerengera ndi wotchi, usadalire geji yokha. Ndipo ukamva injini ikutsokomola, usati ndimalize kaye mzere uwu. Katere nthawi yomweyo, amakaniko aione.