Kafutsidwe ka Masamba Kosunga Mavitamini ku Machinga ndi Balaka

M'maboma a Machinga ndi Balaka, kumene mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala n'kuleka cha mu Epulo, ndiwo zamasamba zimachuluka kwa miyezi yochepa chabe, kotero mabanja amene alibe dimba m'mbali mwa mtsinje wa Shire kapena nyanja ya Chilwa amadalira mfutso chilimwe chonse. Phindu la mfutsowo m'thupi lagona pa zinthu ziwiri za m'tsamba zimene zimawonongeka mosiyana: vitamini C, amene amasungunuka m'madzi ndiponso sapirira moto, ndi beta-carotene, chinthu chachikasu chobisika m'kati mwa tsamba lobiriwira, chimene thupi limachisandutsa vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo, koma chimatha ndi dzuwa ndi mpweya. Vitamini C wambiri amatayika ndithu pofutsa, koma beta-carotene angapulumutsidwe ngati wofutsa asamala.

Ntchito imayambira m'munda. Nkhwani, chitambe, khwanya, bonongwe ndi chisoso ziyenera kuthyoledwa mu Febuluwale kapena Malichi, masamba akadali anthete ndi obiriwira kwambiri, chifukwa tsamba lokalamba limene layamba chikasu lataya kale mbali ya mavitamini ake. Kuthyola kuchitike m'mawa ndipo kufutsa kukhale tsiku lomwelo, popeza masamba ogonera m'dengu amafota ndi kutaya vitamini C. Atsukidwe asanadulidwe, chifukwa kutsuka masamba oduladula kumakokolola timadzi ta m'kati mwake.

Gawo lachiwiri, limene ambiri amalakwitsa, ndi kuwiritsa. M'tsamba muli tinthu totchedwa maenzaimu, timene timapitiriza kuwononga mtundu, kukoma ndi mavitamini ngakhale tsamba litathyoledwa, ndipo cholinga cha kuwiritsa ndi kupha maenzaimuwo, osati kupsetsa ndiwo. Choncho masamba aponyedwe m'madzi amene abwadamuka kale, akhalemo mphindi 2 kapena 3, kenako avuulidwe msanga kuti adonthe. Soda kapena chidulo chisathiridwemo, chifukwa ngakhale chimafewetsa masamba, chimaononga vitamini C ndi ena a gulu la B.

Poyanika, mthunzi wopita mphepo bwino umaposa dzuwa la pamtetete, makamaka m'madera otentha ngati Liwonde, Ulongwe ndi Phalula, kumene masamba oyanikidwa pathanthwe kapena padenga la malata amatuwa msanga, chimene ndi chizindikiro chakuti beta-carotene wachepa. Ayalidwe mopyapyala pa mphasa yoyera pathandala, atalikirane ndi fumbi ndi nkhuku, ndipo azitembenuzidwa kawirikawiri, chifukwa m'Malichi mpweya umakhala ndi chinyezi ndipo masamba ounjikana amachita nkhungu. Mfutso wauma pamene ufumbutuka ukafinyidwa m'dzanja. Usungidwe m'chikwatu chomangidwa bwino kapena mumtsuko wotseka, pamalo ouma ndi amdima.

Pophika, madzi amene mfutso wanyikidwamo asatayidwe, ndipo ndiwo zitenderedwe ndi nsinjiro kapena zithiridwe mafuta pang'ono, pakuti beta-carotene amalowa bwino m'thupi pamene pali mafuta. Chigwada chokha chili ndi lamulo lake: masamba a chinangwa ali ndi chiphe cha mtundu wa sayanaidi, ndipo ayenera kusinjidwa ndi kuphikidwa mokwanira mumphika wosavundikira, ngakhale kutero kuchepetse mavitamini.

Vitamini C amene mfutso ulibe apezeke m'zipatso za m'chilimwe. Malambe, amene ndi ochuluka m'chigwa cha Shire m'miyezi yopanda mvula, ali ndi vitamini C wambiri, ndipo ufa wake uviikidwe m'madzi abwino ozizira kapena uthiridwe m'phala litaphulidwa kale pamoto. Mango akayamba kupsa cha mu Novembala, ana apatsidwe akupsa bwino, chifukwa beta-carotene amachuluka pamene chipatso chikufiira, ndipo otsala adulidwe mopyapyala n'kuyanikidwa pamalo otetezedwa ku ntchentche.