PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MUDZI WA KUNYANJA UKONZEKERE MWERA

Phunziro lathu la mwezi uno lipita kwa abale athu okhala m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, kuyambira ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kufikira ku Nkhata Bay ndi Karonga. Tipempha aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti awerengere anzao pabwalo, pakuti mau ake angathe kupulumutsa moyo wa munthu.

Mdani wathu timdziwa

Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa May kufikira August kapena September, mphepo ya mwera iomba panyanja. Nthawi zina asodzi anyamuka madzulo nyanja ili bata, koma pakati pa usiku mafunde akhala atakula koposa mphamvu ya nkhafi. Ambiri a ife tinamva kwa makolo athu za sitima ya Vipya, imene inagubuduzika pafupi ndi Chilumba pa 30 July 1946, nimiza anthu 145. Ngati mphepo inagonjetsa sitima yachitsulo, nanga bwato lamtengo lidzalimba bwanji?

Tsono taganizani. Bwato likagubuduzika, apolisi a panyanja ndi achipatala ali kutali, ndipo munthu womira ali nazo mphindi zowerengeka chabe. Oyamba kumfikira ndiwo anansi ake a pagombe pomwepo. Akulu anati, mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Koma kuzima moto kufuna madzi otungiratu. Motero mudzi uliwonse uyenera kupangana zochita tsoka lisanafike.

Zinthu zisanu zoti mudzi uchite

1. Sankhani gulu la odzipereka. Mfumu, pamodzi ndi komiti ya kugombe, iitane msonkhano nisankhe anthu ngati khumi, amuna ndi akazi, osaledzera ndi osathawa nchito. Nchito imeneyi ilibe malipiro. Yense adziwe mbali yake, kuti tsiku la bvuto pasakhale kukankhirana.

2. Ikani womvera za nyengo. A Dipatimenti yoona za nyengo amachenjeza za mwera pawailesi ndi pafoni. Munthu mmodzi akhale womvera tsiku ndi tsiku. Akamva chenjezo, aimike nsalu yofiira pamtengo wautali kugombe, namenye chitsulo monga mwa pangano. Nsaluyo ikakhala m'mwamba, bwato lisalowe m'madzi, ngakhale usipa utachuluka motani.

3. Sungani buku la kugombe. Mulembemo mabwato onyamuka, maina a okweramo, ndi kumene apita. M'mawa muwerengenso obwerera. Popanda buku, mudzi ungazindikire masana kuti wina sanabwere, nthawi yofunafuna itapita kale.

4. Sonkhanitsani zida. Mufunika chingwe chachitali, nsungwi, tochi, wenzulo, ndi zigubu zopanda kanthu za malita 20 zotsekedwa bwino, pakuti chigubu chotere chikhoza kuyandamitsa munthu wamkulu. Zidazi zikhale m'nyumba imodzi yodziwika pafupi ndi gombe. Panganani ndi mwini boti la injini kuti pakhale mafuta osungira tsoka okha. Amene angathe agule majekete oyandamitsa, ndipo awabvale asananyamuke, osati kuwakhalira.

5. Yesererani. Mwera usanayambe, gulu lichite monga ngati tsoka lagwa: chitsulo chilire, anthu athamange, chingwe chiponyedwe. Pamenepo mudzaona ngati chingwe chaola kapena tochi yatha moto.

Populumutsa munthu

Musafulumire kudumphira m'madzi. Womira agwira chilichonse ndi mphamvu ya mantha, ndipo kawirikawiri amiza womthandiza, maliro nakhala awiri. Mpatseni nsungwi, kapena mponyereni chigubu chomangidwa kuchingwe, ndi kumkoka muli pouma kapena m'boti. Ndipo mafunde akakula koposa, opulumutsa nawonso asaike moyo wao pachiswe.

Inu asodzi, bwato likagubuduzika musalisiye ndi kuyamba kusambira kunka kumtunda wakutali. Gwiritsitsani bwatolo kapena chilichonse choyandama. Ofunafuna aona bwato msanga koposa mutu wa munthu pakati pa mafunde.

Mukamtulutsa munthu, musamzondotse kapena kumponda pamimba kuti asanze madzi. Kutero kungotaya nthawi. Ngati ali kupuma, mgonekeni chammbali, mbvuleni zonyowa, ndi kumfunditsa. Ngati sapuma, mgonekeni chagada, kwezani chibwano chake, tsinani mphuno, ndipo muuzireni mpweya m'kamwa kasanu. Atatero, dinikizani mwamphamvu pakati pa chifuwa ka 30, muuzirenso kawiri, ndi kupitiriza chomwecho kufikira atayamba kupuma kapena achipatala atafika. Ngakhale atatsitsimuka nanena kuti ali bwino, mperekeni kuchipatala, chifukwa madzi olowa m'mapapo angamdwalitse pambuyo pake. Nzeru zimenezi ziphunzirika bwino ndi manja; pemphani a Red Cross kapena azaumoyo a kwanu kuti adzakuonetseni.

Nchito ya chaka chonse

Mwera ukatha gulu lisabalalike, pakuti dzinja nalo lili ndi zoopsa zake. M'chaka cha 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira nusamutsa mabanja ambiri ku Nkhotakota, ndipo nyanja inadzala nilowa m'nyumba za pafupi ndi gombe m'madera angapo. Gulu lomweli lidziwiretu malo okwera othawirako, lidziwenso nyumba za nkhalamba, olumala ndi amai oyembekezera, ndi amene adzawanyamule madzi akafika usiku.

Mafunso a m'kalasi ndi a pabwalo

1. Kodi mwera uomba m'miyezi iti?
2. Chifukwa ninji tiyenera kulemba maina a onyamuka kugombe?
3. Mnzanu ali kumira, ndipo muli ndi chigubu ndi chingwe. Mudzachita chiani?
4. Kodi m'mudzi mwanu chitsulo chikalira usiku uno, ndani adzayamba kufika kugombe, ndipo adzapeza zida zanji?

Aphunzitsi atume ana kuti akafunse funso lachinaili kwa makolo ao. Ngati yankho lisowa, mfumu iitane msonkhano sabata lomwe lino.