Phunziro la Nyimbo za Mpingo: Kantata, Ulaliki Woimba

Sabata ino tiphunzire za mtundu wa nyimbo wotchedwa kantata, umene unatchuka m'matchalitchi a Chilutera ku Germany zaka za m'ma 1700. Katswiri wake wamkulu anali Johann Sebastian Bach, amene anayang'anira nyimbo mumzinda wa Leipzig kuyambira 1723 mpaka pamene anamwalira mu 1750. Kantata zake za kutchalitchi zimene zilipo lero ndi pafupifupi 200.

Ntchito ya kantata

Kantata inkaimbidwa pa mapemphero a Lamulungu, atangowerenga Mthenga Wabwino, mbusa asanayambe kulalika. Inkatenga mphindi 20 kapena 30, ndipo mawu ake ankatsata mawerengo a tsikulo. Choncho mkhristu ankamva uthenga umodzi katatu: powerenga, poimba ndi polalika. Ku Leipzig, pa Lenti kantata sinkaimbidwa, pakuti inali nyengo yolapa.

Magawo ake

Kawirikawiri kwaya yonse ndi zoimbira ndizo zinkatsegula. Kenako munthu mmodzi ankaimba ngati akulankhula, kufotokoza tanthauzo la mawerengo. Pambuyo pake pankabwera nyimbo yodekha ya munthu mmodzi kapena awiri, yobwerezabwereza mawu ochepa kuti alowe mumtima. Pomaliza kwaya inkaimba ndime ya nyimbo imene mpingo wonse unkaidziwa, m'mawu anayi: soprano, alto, tenor ndi bass. Mawu a soprano ankaimba ndi anyamata a pasukulu ya St Thomas.

Chitsanzo: kantata nambala 140

Kantata iyi inaimbidwa koyamba pa 25 Novembala 1731. Maziko ake ndi fanizo la anamwali khumi pa Mateyo 25:1-13, ndi nyimbo ya mbusa Philipp Nicolai imene inasindikizidwa mu 1599. Ili ndi magawo asanu ndi awiri.

M'gawo loyamba a soprano amakoka mawu a nyimboyo pang'onopang'ono, ngati mlonda akuitana pakati pa usiku, pamene mawu ena atatu amathamanga pansi pawo ngati anthu odzidzimuka kutulo. M'gawo lachitatu soprano ndi bass amakambirana: soprano ndi mzimu wa mkhristu wofunsa kuti mkwati afika liti, bass ndi Yezu woyankha. Zokambiranazi zimabwereranso m'gawo lachisanu ndi chimodzi, koma tsopano kufunsa kwatha, patsala chimwemwe cha amene apezana. Munthu amene sadziwa Chijeremani angathe kumvabe kusinthako m'kayimbidwe kokha.

Kodi tikuphunzirapo chiyani?

Kumapeto kwa nyimbo zake zambiri Bach ankalemba zilembo S.D.G., chidule cha mawu a Chilatini opereka ulemerero kwa Mulungu yekha. Luso lake linali lalikulu, koma linkatumikira Mawu. Ngozi ya kwaya iliyonse ili pomwepa: tingathe kuimba mokoma, anthu nkuomba m'manja, koma nkutuluka m'tchalitchi osakumbukira zimene Mthenga Wabwino unanena. Ifenso a m'mabenchi tili ndi udindo womvetsera mawu, osangotsata ng'oma ndi kiyibodi.

Tikambirane m'miphakati mwathu:

1. Kodi nyimbo za pa Misa ya lero zagwirizana bwanji ndi mawerengo?
2. Kodi kwaya yathu imayamba yawerenga Mthenga Wabwino isanasankhe nyimbo?
3. Ndi nyimbo iti imene inakuthandizani kumvetsa ndime ina ya m'Baibulo?