Nyimbo ikunena za banja langa, koma amuna anga ali chete

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31. Kwathu ndi ku Katete, koma ndinakwatiwa kuno ku Livingstone, tikukhala ku Dambwa ndi ana athu awiri.

Pali nyimbo ina imene yavuta masiku ano. Ikulira m'matakisi, pa wailesi, ngakhale m'mashopu a ku msika wa Maramba. Woimbayo akudandaula za wokondedwa wake amene amakhala naye nyumba imodzi koma mtima wake uli kutali. Tsiku loyamba kuimva ndinali pamzere wotumiza ndalama kumudzi, ndipo ndinachoka pamzerepo kuopa kuti anthu aona misozi.

Amuna anga amagwira ntchito pa boti, amatenga alendo madzulo kukaona kulowa kwa dzuwa pa Zambezi. Sandimenya, satukwana, ya ndiwo amasiya, fizi ya ana amalipira. Koma akafika amangosamba, kudya, kenako foni. Ndikafunsa kuti zayenda bwanji, amati "bwino". Ndikafunsa ngati ndawalakwira, amati "palibe". Tikagona amandipatsa msana. Chonsecho pa Facebook alendo amaika zithunzi za amuna angawo akuseka mano onse pamtunda, akuloza mvuu ndi ng'ona. Kuseka kumeneko m'nyumba mwanga ndinakumva kalekale.

Nyimboyo ndaiika pa status ya WhatsApp kambirimbiri. Ndimaona kuti aonera, koma sanena kanthu. Ndikamaphika ndimaikweza dala. Alamu anga akuti ndiziyamika Mulungu chifukwa amuna ena amagona kumowa. Mnzanga akuti palibenso china, ali ndi chibwenzi basi. Azakhali, kodi chikondi chinatha? Kapena ndine wosayamika?

Mayi wa ku Dambwa

*

Mwana wanga,

Suli wosayamika ayi. Alamu ako akunena zoona kuti akazi ena akuona zakuda, koma kusamenyedwa ndi ufulu wako, si mphatso yoti uzigwadira munthu. Sunachoke ku Katete kudzakwatiwa ndi ndalama ya ndiwo. Unatsatira munthu amene ankacheza nawe, ndipo kumusowa munthu ameneyo ali pampando womwewo kumapweteka kwambiri. Kalata yako yandikhudza, ndipo misozi ya pamzere ija ndaimvetsa.

Koma ndikuuze za nyimbo ina yakale, mwina amayi ako anaimvapo pa wailesi. Dzina lake ndi You Don't Bring Me Flowers, ndipo imakamba za anthu awiri amene chikondi chawo chazirala. Neil Diamond anaiimba yekha mu 1977. Chaka chotsatira Barbra Streisand naye anaiimba yekha. Ndiye bambo wina wogwira ntchito pa wailesi ya WAKY mumzinda wa Louisville ku America, Gary Guthrie, anatenga matepi awiriwo n'kuwalumikiza kuti zimveke ngati mwamuna ndi mkazi akuyankhana. Anthu anaikonda kwambiri moti oimba awiriwo analowa mu situdiyo n'kuijambula pamodzi, ndipo pofika kumapeto kwa 1978 inali nambala wani ku America. Guthrie anachita zimenezi ngati mphatso yotsanzikira mkazi wake, pakuti banja lawo linali litatha.

Ndakufotokozera izi chifukwa cha zinthu ziwiri. Dandaulo linali limodzi, koma aliyense ankaliimba payekha, ndipo n'kutheka kuti bambo a ana akowo nawo ali ndi dandaulo lawo limene sunalimve. Chinanso n'chakuti nyimbo, ikome bwanji, siinamangepo banja, ngakhale la munthu amene anaisoka ndi manja ake. Nyimbo yakoyo yakuthandiza kudziwa chimene chikukupweteka, ntchito yake yathera pomwepo. Singakulankhulire.

Choncho ichotse pa status lero lomwe. Iwe ukaiika umati ukugogoda pamtima pa mwamuna wako, koma taganiza amene akuonera: alamu ako, anzake a kuntchito, amayi a kutchalitchi, ngakhale eninyumba. Kwa iye zimenezo zili ngati wamuimika pabwalo osamuuza mlandu. Mwamuna wochititsidwa manyazi pagulu satsegula pakamwa, amawonjezera kutseka. Ndipo akaonera n'kukhala chete, iwe umagona ndi bala latsopano, chonsecho funso lenileni sunamufunse.

Tsopano za kusekerera kwa pazithunzi. Ukudziwa bwino kuti tauni ino imadya kuchokera kwa alendo obwera kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Munthu wa pa boti amalipidwa kuti aseke, ayankhe funso lomwelomwelo la mvuu tsiku ndi tsiku m'Chingerezi, athire zakumwa, apirire mlendo woledzera, chifukwa kandalama kapamwamba kamene mlendo amasiya potsika kamadalira nkhope yake. Ambiri amafika kunyumba mawu atawathera. Sindikumuikira kumbuyo, chifukwa mkazi ndi ana sayenera kumangolandira zotsala. Ndikungofuna usawerenge zithunzi zija ngati umboni wakuti amakondwa kulikonse kupatula kwa iwe.

Dzifunsenso kuti kukhala cheteku kunayamba liti. Mu 2020, alendo atasiya kubwera chifukwa cha Covid-19, malo ogona alendo ambiri kuno anaimitsa antchito, maboti anangokhala pagombe. Amuna ena analowa m'ngongole za kaloba nthawi imeneyo osauza akazi awo. Ngakhale zinthu zili bwino, ntchito ya alendo ndi ya nyengo: kuyambira June mpaka October ndalama imaoneka, mvula ikagwa alendo amachepa. Mwamuna amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, akapanikizika amasiya ya ndiwo patebulo n'kubisala mufoni. Ena amabisa matenda. Ena mphamvu za kuchipinda zikachepa amachita manyazi, n'kumapereka msana kuti asafunsidwe. Enanso amadwala matenda a maganizo, amene amachotsa chilakolako cha chakudya, tulo ndi kucheza, ndipo amachizika kuchipatala.

Za chibwenzi, mnzakoyo akhoza kukhala kuti akulondola. Sindikunamiza kuti sizingatheke. Koma iye sagona m'nyumba mwako, ndipo m'kalata yako sindinaonemo kugona kunja, ndalama kusowa kapena mafoni othawira nawo panja. Usafufuze foni yake usiku. Ukapezamo kanthu mudzakangana za kuba pasiwedi m'malo mwa nkhani yeniyeni, ukapanda kupezamo udzapitiriza kufufuza. Ngati mtima sukukhazikika, pita ku kiliniki ya ku Dambwa kapena ku Maramba ukayezetse magazi, ndi ulere, ndipo umupemphe kuti mupite nonse.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikudziwa kuti si chilungamo kuti iwe wopwetekedwa ndiwe uyambitse nkhani, koma ndiwe wandilembera. Usamudikire pakhomo usiku akuchokera kumtsinje ali wotopa, ndipo usayambire pabedi. Popeza boti limanyamuka madzulo, sankha m'mawa wina ana atapita kusukulu. Zimitsa wailesi, mafoni onse awiri akhale kuchipinda, umupangire tiyi, ukhale pambali pake osati moyang'anizana naye. Usafunse kuti "ndakulakwirani chiyani?" chifukwa yankho lake ukulidziwa kale. Nena zako: "Bambo a mwana, ndakusowani. Tikugona nyumba imodzi koma ndili ndekha. Sindikukuimbani mlandu, ndikufuna ndidziwe chimene chikukulemerani." Ukatero khala chete. Apa ndi pamene ambirife timalakwitsa, timadzaza mpatawo ndi milandu ya zaka zisanu zapitazo. Mulekere mpata, ngakhale utalike.

Akadzuka n'kutuluka panja, usamulondole. Katswiri wina wa za maukwati ku America, John Gottman, amene anakhala zaka zambiri akuonetsetsa mmene maanja amakanganirana, anapeza kuti munthu amene wangoti duu pakati pa nkhani yovuta nthawi zambiri mtima wake umakhala ukugunda kopitirira ka 100 pa mphindi, ngakhale nkhope ikuoneka yozizira, ndipo pamafunika mphindi 20 kapena kuposa kuti thupi likhazikike. Muuze kuti, "Pumani kaye, koma tipitirize mukabwera." Mawu omalizawo usawasiye.

Upemphenso chinthu chogwirika. "Muzindikonda" ndi pempho limene mwamuna wotere sadziwa poyambira. Koma kudya pamodzi foni ili kutali, kukuperekeza kumsika Loweruka, kapena kukuuza kanthu kamodzi kamene kachitika pamtsinje tsiku limenelo, zimenezi angathe kuvomera kapena kukana, ndipo iwe udzaona ndi maso ako ngati akuyesa.

Chinanso chimene chandidetsa nkhawa ndi iweyo. Katete ali kutali pafupifupi makilomita 1,000, ndipo m'kalata yonse watchulamo alamu ndi mnzako mmodzi. Munthu akakhala kutali ndi abale, makutu onse amakhala pa mapazi a mwamuna pakhomo. Lowa chilimba ndi amayi anzako, bwerera kukwaya ngati unkaimba, uziimbira foni amayi ako nkhani zina osati za banja zokha. Sindikunena kuti zimenezi zilowe m'malo mwa mwamuna wako. Ndikufuna kuti pokamba naye ukhale ndi mphamvu, usamapemphe ngati wopanda kolowera.

Ukayesa kawiri katatu koma osaphula kanthu, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kapena munthu wamkulu mmodzi amene iye amamulemekeza, osati mtundu wonse. Akakuuza kuti "pirira, ukwati ndi umenewo" osamufunsa iye kanthu, dziwa kuti nkhani sinakambidwe. Nambala ya 933 ya Lifeline Zambia ndi yaulere, kuli aphungu amene ungalankhule nawo wekha ngakhale iye atakana.

Ndipo tchera khutu apa. Pali kusiyana pakati pa mwamuna amene mawu amuthawa ndi amene amasala kulankhula dala kuti akulange, kukusiya masiku osakuyankha mpaka upepese zimene sunalakwe, kapena kukumana ndalama ukadandaula. Zimenezo ndi nkhanza, ndipo lamulo la Zambia lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la 2011 limawerengera nkhanza za m'maganizo ndi za chuma, osati kumenya kokha. Zikafika pamenepo, ku polisi kuli Victim Support Unit. Sindikuona kuti banja lako lafika pamenepo, koma ndikufuna udziwe.

Kodi chikondi chinatha? Ine sindingadziwe ndili pano, woimba uja sangadziwe, mnzako sangadziwe. Akudziwa ndi bambo a ana akowo, ndipo uli ndi ufulu womva yankho kuchokera pakamwa pawo, likome kapena liwawe. Undilemberenso pakatha mwezi, undiuze tsiku limene munakhala pansi ndi zimene anakuyankha.

Ndine,
Azakhali ako