Kupeta mphekesera za chibwenzi cha mtsogoleri wakale

M'mabanja ena a ku Luangwa, kuno ku Kitwe, agogo adachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi. Pamaliro ndi pamacheza a madzulo nkhani za Kamuzu Banda sizisowa, ndipo ina ndi ya mayi wachizungu amene adali naye pachibwenzi ku London. Ana amakhala akutchera khutu. Inu makolo, aphunzitseni kupeta nkhani zotere, madeya padera, mphale padera.

1. Funsani amene adaona. Wina akati "akuti", mufunseni mwaulemu: "Adakuuzani ndani? Iwowo adalipo?" Nkhani yodutsa pakamwa pa anthu asanu imafika itanenepa.

2. Yalani zaka papepala. Kamuzu adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry, ku America, mu 1937. Nkhondo yachiwiri itatha ankachiza odwala ku Harlesden, mu London. Mu 1953 adasamukira ku Gold Coast, dziko lomwe lero ndi Ghana, nakakhala ku Kumasi. Adabwerera ku Nyasaland, natera pa Chileka pa 6 July 1958. Wokuuzani kuti adamuona ndi mayiyo ku Blantyre mu 1950 wasokonezeka, chifukwa nthawi imeneyo adali kunja.

3. Sakani zolembedwa pa nthawi yomweyo. Apa nkhaniyi ili ndi poimira. Mu 1953 dzina la Kamuzu lidatchulidwa pa mlandu wothetsa ukwati wa Major French, ndipo mkazi wa mkuluyo, Merene French, amene ankalandira odwala kuchipatala cha Kamuzu, adamutsatira ku Gold Coast. Philip Short adalemba za izi m'buku lake lotchedwa Banda, la mu 1974. Zotere zimalemera kuposa uthenga wa pa WhatsApp wopanda mwini.

4. Musakakamire chifukwa chimodzi. Ena amati Kamuzu adachoka ku London pokwiya ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidayamba chaka chomwecho cha 1953. Ena amati mlandu uja udamuipitsira mbiri ya udokotala. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Auzeni ana zonse.

5. Onani wopindula. Wokonda Kamuzu angabise nkhaniyi, wodana naye angaithire mchere. Mu ulamuliro wake kukamba zotere poyera kudali kuika moyo pachiswe, choncho kukhala chete kwa anthu a nthawiyo sikutsimikizira chilichonse.

6. Lekezani pomwe umboni walekezera. Za mlandu ndi ulendo wa ku Kumasi zili m'mabuku. Zomwe awiriwo ankalankhulana kuchipinda, musazipeke. Kumbukiraninso kuti anthuwa ali ndi abale amoyo, ndipo mawu otayirira amawapweteka.

Wofuna kufufuza mozama apite kumalo osungirako zolemba zakale za boma, ku Zomba kapena ku Lusaka. Za anthu a m'migodi zimasungidwa ku kampani ya migodi ya ZCCM ku Ndola.

Pakhomo panu yambani ndi agogo akadali moyo. Khalani nawo pansi, jambulani mawu awo pafoni, ndipo lembani m'kope tsiku, malo ndi dzina la wosimba. Pambali pa nkhani iliyonse ikani chizindikiro: "adaona okha", "adamva kwa uje", kapena "adawerenga". Mdzukulu wodzatsegula kopelo adzadziwa zoti akhulupirire ndi zoti afufuzenso.