MMENE ZOMERA ZA M'CIPULULU ZISUNGIRA MADZI

Tsamba liri lonse liri ndi timabowo tambiri tosaoneka ndi maso. Pa timabowoti mpweya ulowa, umene comera cipangira cakudya cace. Koma pomweponso madzi aturuka ngati nthunzi. Cifukwa cace comera ca m'cipululu, kumene mvula igwa pang'ono, ciyenera kusamala ndithu kuti dzuwa lisacilande madzi.

Zina zitembenuza masamba. Mtengo wa tsanya, kapena mupani, umera m'mphepete mwa cipululu ca Namib, ndiponso m'cigwa cotentha ca Luangwa. Tsamba lace liri ndi mbali ziwiri zonga mapiko a gulugufe. Dzuwa likakula, mbalizo zipindana ndi kulendewera, kotero kuti dzuwa liomba m'mphepete mokha. Ndico cifukwa cace mtengowu ulibe mthunzi wabwino masana.

Zina ziyoyola masamba onse. Ku cipululu ca Sonora, ku Mexico ndi America, kuli citsamba cochedwa ocotillo. Pa cilala cioneka ngati mtolo wa ndodo zouma. Mvula ikagwa ciphuka masamba patapita masiku owerengeka, ndipo citero kangapo pa caka cimodzi. Mlambe nawonso uyoyola masamba m'cirimwe, nusunga madzi m'thunthu lace.

Zinanso, zonenepa masamba monga khonje, zitseka timabowo usana wonse, nizitsegula usiku pozizira. Zitero ndi kukula pang'onopang'ono, pakuti comera cotseka timabowo cicepetsanso cakudya cace.

Nzeru yomweyi ipezeka m'munda. Mvula ikadula, cimanga cipinda masamba masana. Akapindika masana ndi kutambasuka madzulo, cimanga cidziteteza cabe; koma akapezeka opindika m'mamawa, ndiye kuti cinyezi catha m'nthaka. Tsoka likula koposa ngati ng'amba ifika pa nthawi ya ngaiyaye ndi ndevu, pakuti pamenepo zisononkho sizibala bwino.

Cimanga sicingathe kuyoyola masamba ndi kudikira monga zomera za m'cipululu. Tsono mlimi wanzeru acithandiza: apalira msanga kuti udzu usamwe madzi, aphimba nthaka ndi mapesi m'malo mwa kuwatentha, ndipo kumene mvula ivuta alimako mapira ndi mawere, amene apirira ludzu koposa cimanga.